Mpando wa Kumutu kwa aNangozo

Malemu achemwali anga, Mayi Magdalene Katsekera, amene ife kwathu timawatchula kuti aNangozo, anabadwa pa 9 Juni 1969 m'mudzi mwa Kalumbu, Inkosi Njolomole, m'boma la Ntcheu. Anali achiwiri m'banja la ana atatu la malemu Bambo ndi Mayi Chidzanja. Oyamba ndi achimwene athu a Shadrick, eni mbumba, amene sanathe kubwera ndipo akutiona pa foni ali kumudzi. Wotsiriza ndine Chrissie. Achimwenewo ndi amene andituma kuti ndiime m'malo mwawo ndi kuwerenga mbiri iyi, choncho ngati alipo wodandaula kuti mzimayi waimirira pamaliro, nambala yawo ndili nayo.

Abusa, akuluakulu a mpingo, alamu anga Bambo Katsekera, amayi a Mvano, abale amene mwachokera ku South Bend m'mawa uno, ndi nonse anamfedwa anzanga, maso anu ndawaona. Kumutu kwa bokosi kuli mpando, ndipo mpaka pano palibe wakhalapo. Mwambo wa kwathu tonse tikuudziwa. Pamenepo pamakhala mayi wa womwalirayo, ndipo mayi akakhala kulibe pamakhala mbale wake wamkazi wa bere limodzi. Amayi athu anatisiya kalekale, ndiye kuti mpandowo ndi wanga. Amayi a Mvano andikodola kangapo, ena mpaka andikoka chitenje. Ndikupemphani mundilole ndimalize kaye mbiriyi, za mpandowo ndinena pomaliza.

M'chaka cha 1976 malemu anayamba sukulu ya pulayimale pa mishoni ya kufupi ndi kwathu, ndipo ine ndinawatsatira patapita zaka zitatu. Chizungu chinawagwira adakali aang'ono. Mphunzitsi aliyense amene ndinakumana naye ankayamba wandifunsa ngati ndinedi mng'ono wa Magdalene, ndipo ndikangotsegula pakamwa kuti ndiwerenge, ankandifunsanso kachiwiri. Tsiku lina kunabwera mlendo wa kunja kudzaona sukulu yathu. Malemu anasankhidwa kuwerenga mawu omulandira, ine ndinasankhidwa kunyamula mpando woti mlendoyo akhalire.

Kunyumba ankawerenga chilichonse chimene chinali ndi zilembo: nyuzipepala yokulungira matemba, chitini cha mkaka, ngakhale pepala la mankhwala a ng'ombe. Mabuku ankabwereka kwa mkazi wa abusa. Madzulo a Loweruka tinkakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, iwo pamphasa, ine pachitsa ndikuwaluka tsitsi, akundiwerengera mokweza. Chimene ankawerengacho sindinkamva ngakhale pang'ono. Akafika pokoma ankaima n'kundimasulira, koma nthawi zambiri ankaiwala, ine n'kumangoluka. Ndikufuna chimenechi chidziwike lero pamaso pa mpingo, makamaka kwa a ku yunivesite amene muli pano. Munthu woyamba kumvetsera aNangozo akuwerenga Chizungu ndine.

M'chaka cha 1984 anasankhidwa kupita ku sekondale ya atsikana yogonera komweko m'boma la Dedza, ndipo anamaliza Folomu 4 mu 1988. Phunziro la Chizungu anakhoza mwapamwamba moti ahedi anabwera okha kumudzi kudzagwira bambo athu chanza. Koma masamu anawakokera pansi, ndipo dzina lawo silinatuluke pa osankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba. Analira mpaka maso kutupa. Ine ndinawapukuta misozi ndi mtima wonse, ngakhale kuti yanga sinatuluke, chifukwa Zomba ndi kutali ndi Kalumbu.

Kuyambira 1989 mpaka 1991 anachita maphunziro a uphunzitsi, kenako anaphunzitsa m'sukulu za pulayimale ku Ntcheu ndi ku Balaka. Pa 14 Ogasiti 1993 anamanga banja ndi Bambo Sosten Katsekera, amene panthawiyo ankagwira ntchito yoyeza magazi pachipatala. Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, Mwaiwathu mu 1995 ndi Madalo mu 2000. Alamu angawa sindinawachitirepo nsanje tsiku ndi limodzi lomwe. Ndi munthu wofatsa, wodziwa malire. Anatenga mkazi, koma mchemwali anandisiyira.

M'chaka cha 2003 Bambo Katsekera anabwera kuno ku Amereka, mumzinda uno wa Indianapolis, kudzawonjezera maphunziro, ndipo mu 2005 malemu anawatsatira ndi ana. Mapepala awo a uphunzitsi sanagwire ntchito kuno, monga ambiri a inu mukudziwira pa mapepala anu omwe. Analowa ntchito yosamalira okalamba, ndipo anaigwira zaka khumi osanyinyirika. Okalamba ankawakonda chifukwa ankawawerengera nyuzipepala ndi mawu okweza, mopanda changu, ngati akadali kutsogolo kwa ana a Sitandade 5. Mu 2008 anandiitanitsa ine. Anandipezera ntchito pamalo omwewo, nandipezera nyumba mumsewu womwewo ku Beech Grove, moti ndikaima pakhomo panga ndinkaona ngati makatani awo atsegulidwa kapena ayi.

Zaka zimenezo Loweruka linali lathu. Shifiti tinkaikonza mwakuti tsikulo tikhale omasuka tonse awiri. Tinkakwera galimoto yawo kupita ku Lafayette Road, kukagula ufa woyera ndi nsomba zouma m'sitolo ya a ku Ghana, nyama ya mbuzi kwa bambo wa Chisomali, n'kukangana ndi aliyense wogulitsa chinangwa chimene chafota. Tikatha tinkakhala m'galimoto momwemo, tikudya chimanga chowotcha, n'kuyamba kuupenda mpingo wonse mmodzimmodzi. Ena mwa amene tinawapenda muli pompano, ndipo ndikutsimikizireni kuti malemu ankakuikirani kumbuyo, wokuzengani mlandu ndinali ine. Tikabwerera ndinkawaluka tsitsi la kutchalitchi. Kwa ine Amereka inali imeneyo, ndipo sindinkafunanso ina.

Mu Ogasiti 2015, ali ndi zaka 46, malemu anayamba maphunziro a chiyankhulo ndi zolembalemba za Chingerezi pa yunivesite ina ku South Bend. Anaapulaya mwakachetechete, ndipo anatiuza atalandiridwa kale. Nkhani itamveka, anthu anayankhula. Ena anati munthu wanzeru akanachita unamwino. Ena anafunsa kuti kodi Chizungu amachita kupitira ku South Bend pamene chili ponseponse, ngakhale m'basi. Ena anati ndi matama chabe, mayi wa ana akuluakulu kukakhala pabenchi limodzi ndi anzake a Mwaiwathu. Nsanje inalipo yambiri pakati pathu, tisabise. Amene munayankhula zimenezo mukukumbukira kuti wokuyankhani ndinali ine, ndipo ena mpaka lero simundipatsa moni wokwanira. Ndinawamenyera nkhondo achemwali anga chifukwa ndinkadziwa misozi ya 1988. Chimene sindinadziwe n'chakuti ndikumenyera nkhondo chinthu chodzandilanda.

Dongosolo linali lakuti azikhala kumeneko kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, Lachisanu azidiraiva kubwerera kuno. Teremu yoyamba zinayenda chomwecho, akugona kwa abale athu a ku South Bend, ndipo ndikuthokozani inu amene munawasunga. Teremu yachiwiri, m'kalasi la ndakatulo zakale, anakumana ndi Mayi Tiffany. M'kalasi monsemo a imvi anali awiri okhawo. Mayi Tiffany anagwira ntchito ku positi ofesi mpaka kupuma, amuna awo anamwalira, ana anakula n'kubalalika, ndipo anatsala m'nyumba yaikulu ndi galu. Nawonso anabwerera kusukulu atakalamba chifukwa chokonda mabuku. Pasanapite nthawi anawapatsa achemwali anga chipinda.

Mayi Tiffany ali pano. Akhala kumbuyo uko pafupi ndi chitseko, avala chitenje chobiriwira chimene achimanga mokhota. Chitenjecho ndikuchidziwa bwino, chifukwa ndinawagulira malemu ndine. Musacheuke nonse nthawi imodzi, mungawachititse mantha. Chichewa samva, ndiye ndiyankhula momasuka.

Kuyambira pamenepo Loweruka linayamba kundipulumuka m'manja. Sabata ino ali ndi mayeso, sabata yamawa akulemba nkhani yaitali yoti akapereke Lolemba, sabata inayo kwagwa chipale ndipo msewu ndi woterera. Kenako anayambitsa kagulu kowerenga mabuku m'nyumba ya Mayi Tiffany, ndipo mwa masiku onse amene Mulungu analenga, anasankha Loweruka. Ku Lafayette Road ndinayamba kupita ndekha pa basi. Msomali wa nyama uja anandifunsa ngati achemwali anga asamuka, ndipo ndinamuyankha mwaukali umene sunamuyenere. Akabwera kunyumba, thupi linkakhala ku Beech Grove, mtima uli m'buku. Tsiku lina ndinawapeza pakhonde maso ali psuu. Ndinaganiza kuti kwathu kwagwa zovuta. Atandiuza, ndinapeza kuti akulirira mtsikana wa m'buku amene wakanidwa ukwati, munthu woti sanabadwepo, alibe mudzi, alibe mfumu. Ndisanawatonthoze n'komwe, anatenga foni n'kuimbira Mayi Tiffany, ndipo analira onse awiri. Chaka chomwecho ine anandichita opareshoni ya bondo. Anandisamalira bwino, sindikana, koma misozi yotero sindinaione.

Zonsezo ndikanapirira. Chimene chinandiwawa kwambiri ndinachimva tsiku lina ndikupukuta mbale m'khitchini mwawo. Ali pa foni ndi Mayi Tiffany, anawatchula kuti sisi. Liwu limenelo ngakhale ine wa Chizungu chothyokathyoka ndimalimva. Ndinaika mbale pansi n'kubwerera kwanga osatsanzika. Atandifunsa mawa lake, ndinawauza kuti amayi athu anabereka ana aakazi awiri, ndipo ngati analipo wachitatu wa khungu loyera, sanandiuze. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Malemu anali ndi chizolowezi chimenecho, choseka munthu akupsa mtima, ndipo ukawaona akuseka mkwiyo unkatha mphamvu.

Mu Meyi 2019 anagrajuweta, nalandira digiri yawo yoyamba ali ndi zaka 49. Tinapita ku South Bend magalimoto ambiri, amayi a Mvano ataluluta mpaka azungu kudabwa. Tsiku limenelo ndinanyadira kuposa tsiku lina lililonse pamoyo wanga. Chithunzi chimene chili pa pulogalamu imene mwagwira m'manjayo n'cha tsiku lomwelo. Ine simundionapo, chifukwa wojambula ndinali ine. Koma taonetsetsani paphewa lamanzere la malemu. Pali zala zinayi zoyera. Zimenezo n'za Mayi Tiffany. Pokonza pulogalamuyi ndinamuuza Madalo kuti adule chithunzicho bwinobwino, ndipo anayesetsa, koma zala zinakana kuchoka.

Chaka chomwecho anapitiriza ndi digiri yachiwiri, imene anaimaliza mu 2022. Kafukufuku wawo anali wa momwe mabuku a Chingerezi amafotokozera chibale cha akazi, munthu ndi mng'ono wake. Tamvani bwino, anthu a Mulungu. Zaka zitatu anakhala akuwerenga za akazi a m'mabuku ndi ang'ono awo, kukangana kwawo, nsanje yawo, kukhululukirana kwawo, pamene mng'ono weniweni, wa magazi ndi mafupa, ali pa siteji ya basi ndi jumbo ya ufa. Aphunzitsi awo anati ntchitoyo inali yozama. Ndikukhulupirira, chifukwa zitsanzo zina sanachite kuzifunafuna kutali. Atamaliza anabwera nayo kwanga kuti andiwerengere, koma ine ndinati ndili ndi shifiti.

Kuyambira Ogasiti 2022 yunivesite yomweyo inawapatsa ntchito yophunzitsa ophunzira a chaka choyamba kalembedwe. Patapita zaka 17 chisiyireni choko, aNangozo anaimanso kutsogolo kwa kalasi. Ndauzidwa kuti ena mwa ophunzira awo abwera, ndipo ndikuwaona achinyamata akhala pamzere umodzi apo. Pa mpingo pano anali mlembi wa Mvano, ndipo ana athu ambiri analowa koleji ndi nkhani zofunsira malo zimene iwo anawathandiza kukonza. Sankamulembera mwana, ankamukhazika pansi mpaka atalemba yekha. Amene aja munkafunsa kuti Chizungu amadya kodi, ana anu ndi amene anali oyamba kugogoda pakhomo pawo.

Pa 3 Okutobala 2024, ali mkati mophunzitsa, malemu anagwa m'kalasi. Anathamangira nawo kuchipatala ku South Bend komweko, ndipo amene anakwera nawo ambulansi anali Mayi Tiffany. Wondiimbira foni analinso iwo omwewo. Uthenga wa matenda a mchemwali wanga ndinaumva kwa munthu wina, m'chiyankhulo china, ndipo ulendo wonse wopita kumeneko ndinkalira zinthu ziwiri nthawi imodzi. Madokotala anati ndi sitiroko. Atatsitsimuka, mbali yakumanja inali itafooka, ndipo patapita masiku tinazindikira china. Chizungu chinali chitachoka. Sankachiyankhula, sankachimva, buku akaliona linali ngati khoma. Chimene chinatsala ndi Chichewa cha ku Kalumbu, nachonso chodukaduka, chotuluka movutikira. Madokotala anatiuza kuti zimachitika kwa anthu ena odziwa ziyankhulo ziwiri, kuti chimatsala chimene munthu anayamwira.

Mu Novembala tinawabweretsa kunyumba ku Beech Grove. Ndinatenga tchuthi kuntchito. Kuwasambitsa ndine, kuwadyetsa ndine, kuwatembenuza pabedi ndine ndi alamu anga. Mwaiwathu ndi Madalo, amene moyo wawo wonse takhala tikuwafunsa m'Chichewa iwo n'kumayankha m'Chizungu, anayamba kufukula Chichewa chimene anakwirira, ndipo ndikuwayamikira, anavala zilimbe. Koma mawu ambiri a malemu ankamveka kwa ine ndekha, chifukwa ankatchula zinthu ndi maina amene tinkatchulira tili ana. Adokotala akabwera womasulira ndinali ine, munthu wonyamula mpando wa mlendo uja. Ndili pamaso pa maliro, sindinganame. Mkati mwa chisoni chonsecho munali kachimwemwe kakang'ono, koti achemwali anga abwerera kwa ine. Mumtima ndinati Mayi Tiffany abwera kawiri kapena katatu, akaona kuti palibe chokambirana atopa okha.

Sanatope. Loweruka lililonse, kaya kugwe chipale kaya kuwombe mphepo yothyola mitengo, galimoto yawo inkaima pakhomo, iwo n'kutsika ndi chikwama cha mabuku. Ankakoka mpando n'kuuika kumutu kwa bedi, n'kuyamba kuwerenga mokweza, nthawi yaitali, osamwa ngakhale madzi. Poyamba ndinaganiza kuti mwina Chizungu chayamba kubwerera. Mlendo atapita ndinawafunsa malemu ngati amva zimene zawerengedwazo, ndipo anandiyankha kuti sanamve ngakhale liwu limodzi. Komatu sabata yonse munthu wovuta kudya, Loweruka ankamaliza phala lonse. M'mawa ankandiuza kuti ndiwamange duku labwino ndi kuwatembenuzira nkhope kuchitseko. Ine amene ndinali ndi mawu onse, amene ndinkagona pansi pafupi ndi bedi lawo, sanandidikirirepo chomwecho. Mayi Tiffany akuwerenga, ine ndinkakhala kukhitchini ndikutsuka mapoto oyera kale, mwaphokoso, kuti adziwe kuti m'nyumbamo muli mwini wake.

Pa 9 Marichi 2025, Lamulungu masana, alamu anga ndi ana atapita kutchalitchi, ndinatsala nawo ndekha. Ndinali kuwapesa tsitsi pamene anandigwira mkono ndi dzanja lawo lamanzere n'kuyamba kuyankhula. Anatenga nthawi, liwu lililonse akuchita kulikoka. Anati akudziwa kuti ulendo wayandikira. Anati tsiku limenelo tsitsi lawo ndidzaluke ndine, duku ndidzamange ndine, munthu wina aliyense asadzagwire mutu wawo. Mtima wanga unati myaa. Kenako anati mpando wa kumutu ndidzawapatse Mayi Tiffany.

Ndinawauza kuti zimenezo sizichitika, mwambo sulola, ndipo achimwene akamva adzadwala. Anati mwambo akuudziwa, anabadwa ine ndisanabadwe. Anati tsiku limenelo nyimbo zidzakhala za Chichewa, ulaliki wa Chichewa, kulira kwa Chichewa, ndipo mnzawoyo adzakhala kumbuyo yekha osamva kanthu. Anati miyezi yonseyi iwo ndi amene akhala osamva kanthu, ndipo mnzawoyo sanakhale kumbuyo, anakhala kumutu. Ndinawafunsa mokwiya kuti kodi munthu amapeza chiyani pomvetsera mawu amene sakuwamva. Anandiyang'ana, mbali imodzi ya pakamwa inayamba kuseka kuja, ndipo anatchula mtengo wa mango. Anati ndidzifunse ndekha chimene ndinkapeza pachitsa paja. Anamaliza ndi kunena kuti sangauze wina aliyense, chifukwa wowamva ndinatsala ine ndekha. Ine sindinalonjeze kanthu, ndinangopitiriza kupesa.

Lachiwiri m'mawa, pa 11 Marichi 2025, aNangozo anatisiya mwakachetechete m'nyumba mwawo, amuna awo atawagwira dzanja, ana ali pambali, ine ndili kumutu. Anali ndi zaka 55.

Chimwalirireni, mawu aja sindinauze munthu. Alamu, mukuwamva koyamba pompano. Achimwene pa foni apo, mukuwamva koyamba, ndipo chonde khalani pansi. Masiku onse amene mwakhala mukubwera kudzatipepesa, mukuimba m'nyumba muja, ine ndimalimbana nawo mawuwo. Mboni panalibe. Pepala panalibe. Ndikanangokhala chete, aliyense pano akanati zayenda mwadongosolo, Chrissie wakhala pamalo pake, ndipo Mayi Tiffany akanabwerera ku South Bend osadziwa kuti panali kanthu kawo. M'mawa uno ndinapita kunyumba yosungira maliro. Tsitsi ndaluka ndine, mizere yomwe ija ya kutchalitchi, ndipo duku ndamanga ndine. Polowa muno ndinabwera ndi mtima wodzakhala pampandopo. Ndinaikapo chikwama changa, ena munaona. Kenako ndinayang'ana kumbuyo, ndinaona chitenje chokhota chija pafupi ndi chitseko, ndipo ndinachotsa chikwamacho.

Malemu asiya amuna awo, Bambo Sosten Katsekera. Asiya ana awiri, Mwaiwathu ndi Madalo, mkamwini wawo Mervin, ndi mdzukulu mmodzi, Akuzike, amene sanakwanitse chaka. Asiya mlongo wawo, a Shadrick Chidzanja, ndi mbumba yonse ya ku Kalumbu. Asiya mng'ono mmodzi, amene ndine. Ndati mmodzi, ndipo ndabwereza dala.

M'malo mwa banja la a Katsekera ndi la a Chidzanja, ndikuthokoza abusa ndi akuluakulu a mpingo chifukwa simunatope kubwera kudzapemphera ndi wodwala. Amayi a Mvano, munasinthana kuphika ndi kuchapa miyezi yonseyi, ndipo ngakhale ena ndiwo zanu zinkachuluka mchere, Mulungu akubwezereni. Abale a ku Speedway ndi ku Lafayette Square, munatipatsa magalimoto anu ndi nthawi yanu. Abale a ku South Bend, munatisunga m'nyumba zanu pamene malemu anali m'chipatala kumeneko. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino a mizinda yonse iwiri, anzathu a kuntchito amene anagwira mashifiti athu, ndi aphunzitsi ndi ophunzira a ku yunivesite amene mwabwera kudzakhala nafe pa mwambo umene simukuumva. Adzukulu amene mutinyamulire maliro kupita kumanda, zikomo.

Tsopano za mpando. Mwaiwathu, mwana wanga, dzuka. Pita kumbuyo uko, ukawagwire dzanja Mayi Tiffany, ubwere nawo kuno. Ukawauze m'Chizungu chako chija kuti amayi ako ananena kuti akhale kumutu. Zokhazo basi. Zina zonse ndayankhulazi usawamasulire, ndipo nonse amene mumamva ziyankhulo ziwiri, ndikukuonani. Amayi a Mvano, akafika muwakonzere chitenjecho, chisawagwe pamaso pa anthu. Asaganize wina kuti nsanje yanga yatha. Ilipo, ndipo ndikuona kuti ndidzapita nayo kumanda. Koma wotumidwa ndine, ndipo wondituma sangabwerezenso mawu ake.

Achemwali anga, aNangozo, lero ndi Loweruka. Duku ndakumangani labwino lija, ndipo mlendo wanu wafika. Ine ndiimirira kumiyendo kuno. Mzimu wanu uuse mumtendere.